Wokumba Manda wa ku Nyarga

Ku Nyarga kulibenso munthu masiku ano. Ukachoka pomwe mtsinje wathu umathira mumtsinje waukulu wa Yenisei, boti la injini limayenda maola asanu ndi limodzi, ndipo wosadziwa malowo angathe kupitirira osazindikira kuti wadutsa mudzi. Pagombe pangotsala zitsa zitatu za mlatho womangirirapo maboti. Ine ndinabadwira komweko mu 1952. Dzina langa ndi Yarema, mwana wa Paraska, ndipo ndakalambira m'boti pamtsinje womwewo.

Mudziwo sunamangidwe ndi anthu ofuna kukhalako. Oyamba anali Ajeremani a ku Volga, omwe asilikali anawatula pagombe mu 1941, n'kuwasiyira nkhwangwa ndi masowo, chombo n'kubwerera. Anakumba maenje ogonamo, ndipo omwe anapulumuka chisanu choyamba ndiwo anamanga nyumba zazitali za mitengo zomwe tonse tinadzakhalamo. Mu 1944 anabwera Akalimiki, mu 1948 anthu a ku Lithuania, ndipo ife a ku Ukraine tinali otsiriza. Ntchito inali imodzi: kugwetsa paini, kukokera kugombe, madzi akasungunuka n'kukankhira mumtsinje. Mwezi uliwonse akuluakulu ankasayina kwa komandanti kuti sanathawe. Nanga akanathawira kuti?

Bulgun, mtsikana wa Chikalimiki, anafika ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pabanja pawo anakwera asanu ndi mmodzi m'bogi ya sitima yonyamulira ng'ombe, koma ku Nyarga anafika yekha. Kwawo kunali kuchigwa cha udzu, kwa nkhosa ndi akavalo, kopanda ngakhale mtengo woti ubisalepo dzuwa. Nkhalango inamuopsa kuposa asilikali.

"Kwathu mlendo umamuona m'mawa, n'kudzakupeza madzulo," ankatero. "Kuno umangozindikira ali kale pamsana pako."

Tsiku loyamba kuthengo anampatsa sowo ya anthu awiri. Paini utayamba kupendekeka n'kulira ngati ng'ombe yozingidwa, Bulgun anataya sowo n'kugwa chafufumimba, manja m'makutu. Kapitawo anamutukwana, tsiku lachiwiri zinatero, lachitatu anam'pereka kwa mkulu wina wa Chijeremani, a Gottlieb, omwe ankakumba manda. Ntchitoyo palibe ankaifuna.

Manda anali pachitunda chakumpoto, mbali yomwe dzuwa silikhalitsa. Ukachotsa ndele pamwamba, pansi pake nthaka ndi youndana chaka chonse, piki imangodumpha. A Gottlieb anamuphunzitsa kusonkha moto pamalopo usana wonse, kupala dothi lofewalo, kusonkhanso, kupalanso. Dzenje limodzi linkatenga masiku atatu. Achibale a womwalirayo sankathandiza, chifukwa wojomba kuthengo sankalandira buledi, motero kusambitsa mtembo ndi kuuveka kunalinso kwa awiriwo. A Gottlieb atamwalira, Bulgun anawakumbira yekha, ndipo kuyambira pamenepo manda anakhala ake.

Ine ndinawadziwa ali kale azakhali a mudzi wonse: afupi, otambalala nkhope, kaliwo pakamwa, tiyi wawo wothira mchere ndi mkaka. Pakamwa pawo panali pakuthwa. Mayi anga akatsokomola pamzere wa buledi, azakhali ankawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuyeza.

"Paraska, chifuwa chimenecho sindikuchikonda. Ndiyambe kutolera nkhuni?"

"Choka apa, khwangwala iwe! Udzandikwirira ndikadzafuna ine."

"Ungondiuziratu, ndiwe wamtali. Anthu aatali mumanditopetsa."

Mzere wonse unkaseka, koma azakhali akadutsa, ena ankalavula malovu paphewa mobisa.

Anakwatiwapo kamodzi, ndi Mkalimiki mnzawo, Sanji, woyendetsa zipika pamtsinje. M'chaka chomwe a ku Lithuania anafika, zipika zinathinana pomwe mtsinje wakhota, Sanji anapita kukamasula, zonse zinachoka nthawi imodzi, ndipo sanaonekenso. Patapita miyezi iwiri Bulgun anabereka mwana wamkazi, namutcha Kermen, kutanthauza gologolo, chifukwa ndi nyama yokhayo ya m'nkhalango yomwe sankaiopa. Chisanu cha chaka chimenecho kunagwa matenda a m'mimba m'nyumba zazitali zija. Anthu ankafa awiri atatu pa sabata, ndipo Kermen naye anapita ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Maliro ake palibe anawaona. Amayi anzawo atafunsa, Bulgun anangoti, "Ndasamala kale," n'kutenga fosholo.

Mu 1957 Akalimiki analoledwa kubwerera kwawo. Onse anapita, Bulgun nayenso. Patangotha miyezi itatu anthu anamuona akutsika m'chombo ndi kasutikesi komwe anapita nako.

"Zatani kodi? Kwanu akukana?" anafunsa mayi anga.

"Thambo lachuluka," anayankha. "Ndimasowa poyedzamira. Komanso ndi ndani amwalira ine kulibe? Mwawaika pati?"

Anawaonetsa, ndipo tsiku lonse azakhali anakalipa kuti dzenjelo linali losaya.

Paini wabwino atatha kuzungulira mudzi wonse, mu 1974 boma linatseka Nyarga. Sukulu inapita, sitolo inatsekedwa, injini ya magetsi anaikweza pachombo. Anthu ena anaphwasula nyumba zawo n'kuzimanga ngati phaka loyandama pamadzi, n'kutsika nazo mtsinje. Akuluakulu a boma anabwera katatu kudzatenga azakhali. Kachitatu anawapeza atakhala pachitsa kumanda, fosholo pamiyendo.

"Amayi, kuno kulibenso anthu," anatero wabomayo.

"Kulibe? Mazana anayi ndi makumi awiri ndi mmodzi ali apawa. Inu mwatenga angati? Mudzi waukulu ndi uti?"

Anawasiya. Panthawiyo ine ndinali nditayamba kuyendetsa boti la makalata, ndiye kawiri pa chaka, madzi akasungunuka ndi asanaundanenso, ndinkapatukira ku Nyarga kukatula ufa wa tirigu, mchere, tiyi, fodya ndi palafini. Mbatatesi ankalima okha, nsomba ankatchera okha. Anali ndi mbuzi ziwiri ndi galu.

Sindinkakonda kukhalitsako. Nyumba zosiyidwa zimagwa pang'onopang'ono, denga limayamba, kenako mitengo ya makungwa oyera imamera m'chipinda momwe munkagona anthu. Zimenezo ndinaziona kwina konse. Koma ku Nyarga njira zinali zosesa. Njira yochoka kumanda kutsikira kusitolo inali yoyera, yopondeka bwino, yotakata moti anthu awiri n'kuyenda mogundana mapewa, pomwe m'mudzimo munali nkhalamba imodzi yokha.

Chaka china ndinafika dzuwa lili pamutu, kukutentha, udzudzu uli wii. Ndinatula thumba pakhonde n'kuyamba kufuula moni monga mwa masiku onse.

"Tsitsa mawu, mwana wa Paraska. Ndi nthawi ya nkhomaliro ino. Ndipo choka panjirapo."

"Ndikutsekera ndani, azakhali?"

"Ingochoka. Ajeremani sadandaula, amangokulambalala. Koma a ku Lithuania akhala akung'ung'udza mpaka mawa."

Ndinaseka, komabe ndinasuntha. Tinakhala pakhonde, iwo akupakira fodya m'kaliwo. Kutsogolo kwa ofesi yakale kunapachikidwa chidutswa cha njanji chomwe kapitawo ankamenya poitana anthu. Tili chikhalire, chitsulocho chinalira. Kamodzi, bata, kenako kachiwiri. Galu anadzuka, n'kuyang'ana cha kumandako, n'kugwedeza mchira.

"Ndi mphepo," ndinatero.

"Eya, mphepo," anayankha azakhali. "Imasunga nthawi bwino mphepo yake."

Tsamba ngakhale limodzi silinkagwedezeka. Tiyi wawo sindinamalize tsiku limenelo.

Mu Julaye 1989 kunabwera anthu a ku Lithuania khumi ndi mmodzi, amuna asanu ndi anayi ndi amayi awiri, atanyamula mabokosi a malata. Zinthu zinali zitayamba kumasuka, ndipo anafuna kufukula abale awo kuti akawaike kwawo. Anandilemba ganyu yowaperekeza. M'boti ankalankhula mokweza, kukumbutsana za sukulu ndi za kapitawo wina wa diso limodzi, koma titakwera chitunda chija onse anangoima. Mitanda inali itawola kalekale. Panalibe chizindikiro chilichonse, ndele yokhayokha ndi timitengo.

Azakhali anatipeza titaima choncho. Anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Iwe ndiwe wa kwa Kazimiras wopala matabwa, makutuwo sanama. Bambo ako ali apo, pafupi ndi mwala. Iwe mtsikana wa imviwe, ukufuna mlongo wako, yemwe mtengo unam'gwera. Nditsatire."

Anayenda osazengereza, akubaya ndodo pansi. Paliponse pomwe anabaya, amunawo atasonkha moto n'kukumba, anapeza bokosi, ndipo m'bokosimo munali amene ananenayo. Chomwe sitinayembekezere n'chakuti nthaka ija sinawononge kanthu. Anthu anadza kudzatola mafupa, koma anapeza nkhope. Mayi wa imvi uja anaona mlongo wake ali mnyamata wa zaka makumi awiri, ndevu zisanamere bwino, ndipo anakhala pansi n'kumangoti, "Ndakalamba ine, ndakalamba," mobwerezabwereza. Mabokosi a malata aja anachepa, tinachita kuphwasula denga la sukulu kuti tikhome ena aakulu.

Pagulupo panali bambo wina wamtali, wa magalasi, dzina lake Bronius, mphunzitsi wa masamu. Mayi ake, a Petronele, anamwalira m'chisanu cha matenda chija iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anakulira kunyumba ya ana amasiye. Tsiku lililonse ankafunsa azakhali, iwo n'kumuzemba.

"Mawa. Lero mwendo ukundipweteka."

Mawa lake: "Taona mitambo iyo, kugwa mvula."

Tsiku lachisanu, enawo atatha, Bronius anawaimira kutsogolo.

"Amayi, ngati mwaiwala ingonenani. Sindikwiya."

"Ndani waiwala? Ine?" Anachotsa kaliwo pakamwa. "Tiye."

Anatitengera kumapeto kwenikweni, pansi pa paini wamkulu yemwe ocheka anamusiya chifukwa chopindika. Pamenepo panali posamalika kuposa pena ponse, popanda kamtengo ngakhale kamodzi. Sanabaye ndodo. Anangoloza ndi chibwano, n'kukakhala patali pang'ono, atatifulatira.

Tinafika pabokosi tsiku lotsatira cha m'ma teni koloko m'mawa. Linali bokosi labwino, la matabwa opala. Titalitulutsa, Bronius anazula yekha misomali. Anatsegula, n'kuima osagwedezeka.

A Petronele anagona ngati agona dzulo, mpango wa mizeremizere kumutu, timadzi toundana pazikope. Anali mayi wachitsikana, wocheperapo kuposa mwana wawo yemwe anaima pamenepo. Koma sanali okha. Pachifuwa pawo panali khanda lokulungidwa m'chikopa cha nkhosa, tsitsi lakuda bii, nkhope yotambalala, ndipo manja a mayiwo analikumbatira mwamphamvu.

"Uyu ndi ndani?" anafunsa Bronius motsitsa. Kenako anakuwa. "Ine ndinalibe mng'ono! Uyu ndi ndani?"

Azakhali anadzuka n'kubwera pang'onopang'ono. Anasuzumira m'bokosimo nthawi yaitali.

"Sanakule," anatero.

"Ndi wanu?"

"Kermen. Anafa m'mawa womwewo, amako anatsogolako pang'ono. Ndinali ndi mitembo inayi yodikira, nkhuni zitatha, manja atang'ambika. Anthu a kwanu anali ndi opala matabwa, ife tinalibe. Ndikanam'taya m'dothi ali choncho? Pomwe ndinkawasambitsa amako anali asanaume. Ndinawafunsa, sanakane."

"Munawafunsa! Munthu wakufa?"

"Nanga ndikanafunsa iwe? Unali pakona ukudya mamina."

Bronius anavula magalasi. Anzake anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Wina anati zikalata zinalola mtembo umodzi wokha. Wina anati atenthetse madzi athire pamanjapo, afewe, amuchotse mwanayo mwaulemu n'kumubwezera m'dzenje. Mwana wa Kazimiras anagwada n'kuyesa kukoka dzanja limodzi, koma linali ngati chitsulo. Anati akakakamiza lithyoka.

"Musawagwire!" anatero Bronius.

Mwana wa Kazimiras anadzuka. "Ndiye titani, achimwene? Mukaika Mkalimiki m'manda a tchalitchi? Wosabatizidwa n'komwe?"

Azakhali anamuyang'ana Bronius m'maso. "Iwe anakunyamula zaka ziwiri, n'kuyamba kuyenda wekha. Uyu am'nyamula zaka makumi anayi osam'tula. Tandiuza, mphunzitsi wa masamu, mwana wawo ndi uti?"

Mkanganowo uli mkati dzuwa linali litakwera n'kuzungulira paini uja, ndipo kuwala kunagwera m'bokosimo. Ndine ndinaona koyamba. Timadzi ta pazikope tija tinasungunuka n'kuyenderera m'masaya a Petronele, ndipo khungu lawo, lomwe linali loyera, linayamba kuda tikuona, kuyambira pamphumi.

"Akupita," ndinatero. "Chitani chomwe mukuchita msanga."

Bronius anawerama. Ndinaganiza kuti akufuna kumuchotsa mwanayo, koma anangokonza chikopa cha nkhosa chija pomwe chinafunyuluka.

"Amayi, mukufuna kum'gwira?"

Azakhali anapukuta dzanja pasiketi yawo, n'kulowetsa chala chimodzi pansi pa chikopacho, pomwe panali kaphazi. Anachisiya pamenepo kanthawi, n'kuchichotsa.

"Tseka," anatero.

Anatseka yekha, n'kukhoma misomali yomwe ija. Kwa anzakewo anangoti, "Bokosi ndi limodzi. Wofuna kuwerenga za m'kati akatsegule yekha." Kenako anapempha azakhali kuti amutchulirenso dzina lija, n'kulilemba pachikhatho ndi bolopeni.

Tsiku lonyamuka anawachonderera kuti apite nawo. Anati ali ndi chipinda chopanda munthu, manda ali pafupi, azikaona mwana wawo tsiku lililonse.

"Nanga awa?" anayankha azakhali, akuloza chitunda. "Mwatenga khumi ndi mmodzi, ndi wanga wa khumi ndi awiri. Otsalawo akufunsa kale kuti chombo chawo chibwera liti. Ndiwauze chiyani, kuti nanenso ndathawa? Pita, mwana wa Petronele. Ukamuike poti dzuwa lifike. Wazizidwa mokwanira."

Maenje khumi ndi limodzi aja tinawasiya osakwirira, chifukwa madzi a mumtsinje ankaphwa ndipo boti lolemera likanatitimira pamchenga. Ndinawalonjeza azakhali kuti ndidzakwirira ndikadzabwera ndi ufa. Mu Seputembala ndinabweradi, koma ndinali pa changu, ndipo iwo anati ndisavutike. Anali ataonda, kaliwo anali atasiya. Anandiuza kuti mbuzi ndizitenge, zikuwatopetsa. Ndinawaonetsa chithunzi chomwe Bronius anatumiza, mwala wa pamanda wolembedwa mayina awiri. Sankadziwa kuwerenga zilembo za kumeneko, ndiye anandiuza kuti ndiloze la Kermen. Ndinaloza. Anagwedeza mutu n'kulowetsa chithunzicho m'malaya.

Chaka chotsatira madzi anachedwa kusungunuka, ndinafika pakati pa Juni. Pachumuni panalibe utsi. Galu anandichingamira kugombe, wonenepa bwino, ubweya uli see. Chitseko cha nyumba chinali chotseka, chochirikizidwa ndi mtengo kunja, monga timachitira tikapita kokatunga madzi. M'kati munali mosesa, bedi loyala, chitofu chozizira kalekale, ufa wotsala theka la thumba. Ndinaitana kumtsinje, kumunda wa mbatatesi, m'nyumba zakugwa zija. Kenako ndinakwera chitunda.

Maenje khumi anali chitsegukire, odzaza madzi a chipale chosungunuka. La pansi pa paini wopindika linali lokwirira. Dothi linali lotsendereka bwino, ndele itabwezeredwa pamwamba chigamba ndi chigamba, mmene azakhali ankachitira. Fosholo yawo inali yoyedzamira pamtengopo, yopukuta. Ndinayang'ana mapazi a munthu pamatope ozungulira, sindinaone ngakhale limodzi.

Ndinakanena kupolisi. Anabwera awiri, anazungulira mudzi, anafunsa alenje ndi asodzi a mtsinje wonse, ndipo palibe yemwe anafikako chisanu chimenecho. Wamkulu wa apolisiwo anaima padzenje lokwiriralo, n'kunena kuti mwina nkhalambayo inalikwirira yokha kenako n'kukasochera m'nkhalango, chimbalangondo n'kumaliza.

"Mwina," ndinatero. "Tikumbe tione?"

Anayang'ana fosholo ija, anayang'ana mnzake, n'kuyang'ana wotchi.

"Madzi akuphwa," anatero. "Tiyeni."

Analemba kuti azakhali anasowa. Galu anakana kukwera boti, tinachita kum'manga n'kumunyamula. Anakhala kwathu zaka zitatu, akudya bwino, koma sanauwepo ngakhale kamodzi. Bronius ndinamulembera kalata, anayankha kuti wapereka dzina la azakhali kwa wansembe, ndipo wansembeyo analitchula molakwika, koma analitchula.